Digiri ya kayendetsedwe ka ntchito yozimitsa moto: kodi ndiyambire pamenepa?

Wowerenga wa ku Maryland wafunsa kuti: "Ndili ndi zaka 28, ndili ndi green card, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pa community college ya m'dera lathu ndaonapo maphunziro a zaka ziwiri a Fire Services Administration. Kumudzi ndinalekezera pa MSCE. Kodi ndikamaliza maphunzirowa angandilembe ntchito yoyang'anira ozimitsa moto? Nanga ndikadzaganiza zobwerera ku Malawi, pepalali lidzandithandiza?"

Achimwene, pa funso loyambalo ndisakubisireni: ayi, sangakulembeni ngati woyang'anira. Nthambi zozimitsa moto za ku America sizitenga atsogoleri ake panja. Lieutenant, yemwe ndi woyang'anira wa pansi kwambiri, amasankhidwa pakati pa ozimitsa moto a nthambi yomweyo, captain pakati pa ma lieutenant, battalion chief pakati pa ma captain. Amene mumamuona pa TV atavala chipewa choyera akufotokozera atolankhani za ngozi uja anayambira pansi penipeni: kukolopa pa siteshoni, kutsuka galimoto, kukulunga mapaipi onyowa, kunyamula odwala pa machira pakati pa usiku. Mkulu wa nthambi yonse yekha ndi amene nthawi zina mzinda umakamutenga kwina, ndipo naye amabwera atagwira kale ntchitoyi zaka zambirimbiri. Digiri mwaionayo ndi kiyi wa chitseko cha m'kati, pomwe inu mukadali kunja kwa geti. Sindikuti muitaye ayi. Ndikuti musayambire pa iyo.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti pa ntchitoyi pali mapepala a mitundu iwiri, ndipo timabuku ta makoleji sititchula kusiyana kwake momveka. Mtundu woyamba ndi wosonyeza kuti munthu amatha ntchito ndi manja ake. Awa ndi ma satifiketi a Firefighter I ndi Firefighter II, amene amatsata muyezo wa NFPA, bungwe lolemba miyezo ya chitetezo ku moto, umene kale unali nambala 1001 ndipo tsopano uli mu 1010. Amapezeka ku academy, kumene munthu amavala thanki ya mpweya kumsana, kukwawa mu utsi ndi kuimika makwerero, alangizi akumuyang'anitsitsa. Satifiketi yotere ikakhala ndi chidindo cha Pro Board kapena IFSAC, mabungwe ovomereza ma satifiketi otere, ma state ena ambiri amailemekeza mukasamuka. Mtundu wachiwiri ndi wa m'kalasi, ndiwo digiri ya associate, ya ma credit (mapointi amene kosi iliyonse imakupatsani) pafupifupi 60. Makoleji ena ali ndi zonse ziwiri pamalo amodzi, monga Santa Ana College ku California ndi Tarrant County College ku Texas. Ena ali ndi za m'kalasi zokha, zambiri za pa intaneti, zokonzedwera anthu amene ali kale pa ntchito ndipo akufuna kukwezedwa. Mukadzalowa m'kalasi yotero mudzapenye anzanuwo. Ambiri ndi azibambo ndi azimayi a zaka za m'ma 30 ndi 40, atavala malaya a buluu a nthambi zawo, ena akuyasamula chifukwa angoweruka kumene shifiti ya maola 24. Mphunzitsi akafunsa za ngozi, iwo amayankha zimene anaona dzulo. Inu mungakhoze mayeso onse, koma theka la zokambidwazo lidzakudutsani.

Ndiye muyambire pati? Pa EMT, satifiketi ya wopereka chithandizo choyamba kwa odwala ndi ovulala pa ambulansi. Izi zimadabwitsa anthu obwera kumene, chifukwa kwathu ozimitsa moto timawadziwa ndi moto basi. Ku America, pa maulendo atatu alionse amene nthambizi zimaitanidwa, pafupifupi awiri amakhala a matenda kapena kuvulala: agogo agwa m'bafa, wina mtima wamugwira, wina shuga yamutsika, galimoto zawombana. Moto weniweni ndi maulendo pafupifupi 4 okha pa 100 alionse. Pamenepa ntchito yanu yosamalira okalamba musaichepetse. Mumadziwa kale kudzutsa munthu wolemera osamupweteka, kulankhula ndi gogo amene wasokonezeka mutu, kuona pa nkhope kuti uyu lero sali bwino, kugwira zonyansa osachita tsinya. Achinyamata ambiri olowa ntchitoyi amalota malawi a moto okhaokha, ndipo zimenezi zimawavuta kwa nthawi yaitali. Kosi ya EMT imatenga pafupifupi semesita imodzi, kenako mumalemba mayeso a dziko lonse otchedwa NREMT. Amene apitiriza mpaka kukhala paramedic, udindo wa pamwamba pa EMT, zimene zimafuna chaka chimodzi kapena ziwiri, amachita kulimbiranidwa ndi nthambi zambiri. Mukanandiuza kuti muli ndi mphamvu ndi ndalama za chinthu chimodzi chokha pa zaka ziwiri zikubwerazi, ndikanati paramedic, osati digiri ya administration.

Mwachita mwayi kukhala ku Maryland. Chiwerengero cha NFPA cha 2020 chinaonetsa kuti mwa ozimitsa moto oposa 1 miliyoni a m'dziko lonse, pafupifupi 65 pa 100 alionse anali odzipereka, osalandira malipiro. M'maboma ngati Montgomery ndi Prince George's, odzipereka ndi olembedwa ntchito amagwirira limodzi, pa masiteshoni amodzimodzi. Mukalowa ngati wodzipereka, maphunziro a EMT ndi Firefighter I mumachita osalipira, kudzera ku academy ya bomalo kapena ku MFRI, sukulu ya zozimitsa moto imene ili pansi pa University of Maryland. Zovala ndi zipangizo amakupatsani. Masiteshoni ena, monga ya ku College Park, ali ndi zipinda zogona ana a sukulu amene amakhala pomwepo osalipira lendi, iwo n'kumakwera galimoto belu likalira. Mtengo wake ndi nthawi. Adzafuna usiku wanu wina pa sabata, Loweruka lina, ndi miyezi ya makalasi a madzulo, zonsezo pamwamba pa ntchito imene imakulipirirani lendi ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Musanalonjeze, muwerengere bwino ndi a kunyumba kwanu. Koma palibe njira ina yotsika mtengo yodziwira ngati ntchitoyi ndi yanu. Pali anthu amene amazindikira pa tsiku loyamba kuvala chigoba cha mpweya kumaso kuti malo othina ndi amdima sangawapirire, ndipo n'kwabwino kuzindikira zimenezo musanatenge ngongole ya sukulu.

Thupi nalo ali nalo mayeso ake. Nthambi zambiri zimagwiritsa ntchito CPAT. Mumavala chovala cholemera makilogalamu pafupifupi 23, ndipo pa gawo loyamba amakusanjikizani makilogalamu ena 11 pa mapewa. Mumakwera makina a masitepe kwa mphindi 3, masitepe 60 pa mphindi, osagwirira chitsulo cha m'mbali. Anthu ambiri amathera pomwepa. Mukatsika miyendo ikunjenjemera, palibe zopuma: mumakoka paipi, kunyamula macheka awiri a injini, kuimika makwerero, kumenya ndi chihamala ngati mukuthyola chitseko, kukwawa mu ngalande ya mdima, kukoka chidole cha makilogalamu 75, ndipo pomaliza kubowola ndi kukoka siling'i ndi ndodo ya ngowe. Magawo onse ndi 8, nthawi yake mphindi 10 ndi masekondi 20. Kuthamanga n'koletsedwa kupatula pokoka paipi. Yambani lero kukwera masitepe a pa fulati yanu mutabereka chikwama cha mchenga.

Za zaka ndi mapepala a boma muzisamale, chifukwa nthambi iliyonse ili ndi malamulo akeake. Zambiri zimalandira munthu wa green card. Zina zimafuna nzika, monga FDNY ya ku New York, imenenso salola munthu kulembetsa mayeso akakwanitsa zaka 29, kupatula amene anali msilikali. M'mizinda ya ku Texas yotsata lamulo la civil service la state imeneyo, malire ndi zaka 36. Kulembedwa ntchito nakonso kumachedwa: mayeso olemba, CPAT, mafunso a pamaso, kufufuzidwa mbiri, kupimidwa ndi dokotala, kenako kudikira pa mndandanda, nthawi zina kupitirira chaka. Pa zaka 28 simunachedwe, koma mulibe zaka ziwiri zongokhala m'kalasi musanaponye n'komwe kalata yoyamba. Laisensi yoyendetsera galimoto muisunge yoyera, chifukwa mlandu umodzi woyendetsa mutamwa ukhoza kutseka zonse. Ndipo fomu ikafunsa ngati ndinu nzika, muyankhe zoona. Kunama pa funso limenelo kungakutayitseni ngakhale green card imene muli nayoyo. Kwa anzathu amene akuwerenga ali kumudzi, kapena ali kuno pa viza ya sukulu ya F-1, nkhani ndi yolimba kuposa apa: fizi yanu imakhala yokwera kwambiri, ntchito ya kunja kwa koleji ndi yoletsedwa popanda chilolezo, ndipo nthambi zozimitsa moto sizizolowera kupezera munthu viza ya ntchito.

Tsopano tibwere ku digiriyo, chifukwa ili ndi phindu lake lenileni, ndipo sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti ndi pepala lachabe.

Kale ntchitoyi inkaphunziridwa pa siteshoni basi, wamkulu kuuza wamng'ono. Mu 1966 akuluakulu ena a ntchitoyi anakumana ku Wingspread, ku Wisconsin, n'kunena poyera kuti atsogoleri a ozimitsa moto akufunika maphunziro a ku koleji. Mu 1973 kunatuluka lipoti la boma lotchedwa America Burning, limene linati moto unkapha anthu pafupifupi 12,000 pa chaka, ndipo linadzudzula dziko kuti limaika ndalama pa kuzimitsa, osati pa kupewa. Chaka chotsatira, mu 1974, lamulo linakhazikitsa bungwe limene lero ndi U.S. Fire Administration pamodzi ndi National Fire Academy. Sukulu imeneyi ili kwanu komweko, ku Emmitsburg, kufupi ndi malire a Pennsylvania. Ndiyo inakonza ndondomeko yotchedwa FESHE, kuti makoleji aziphunzitsa zofanana. Pa digiri ya zaka ziwiri, FESHE ili ndi makosi 6 a maziko: kamangidwe ka nyumba, khalidwe la moto, kupewa moto, zipangizo zotetezera nyumba monga ma sprinkler ndi ma alamu, chiyambi cha ntchito za ngozi, ndi chitetezo cha ozimitsa moto eniake. Mukafika ku kolejiko mufunse ngati pulogalamu yawo ndi yovomerezedwa ndi FESHE.

Mwa makosi amenewa, ya kamangidwe ka nyumba ndi imene ndingakupempheni kuti muiikire mtima koposa, makamaka inu amene munakulira m'nyumba za njerwa zofolera ndi malata. Kwathu nyumba ikapsa zipupa zimatsala chiimire. Nyumba zambiri za ku America ndi za matabwa, zokutidwa ndi ma bodi a gypsum, ndipo nyumbayo payokha ndi nkhuni. Zatsopano zimamangidwa ndi mitanda yopepuka, ya timatabwa tomatidwa ndi guluu kapena tolumikizidwa ndi tizitsulo topyapyala. Akatswiri a UL, bungwe loyesa chitetezo cha zinthu, anayesa kuyatsa moto kunsi kwa pansi potere popanda chotchinga: panagwa patatha mphindi pafupifupi 6, pomwe pansi pa matabwa ochindikala akale panapirira mphindi zoposa 18. Anayatsanso zipinda ziwiri zochezera. Cha mipando yakale ya thonje ndi mtengo chinatenga mphindi pafupifupi 30 kuti chonse chiyake kamodzi. Cha masofa a siponji ndi pulasitiki amasiku ano sichinakwanitse mphindi 4. Ndiye ganizirani lieutenant amene wafika pa nyumba patatha mphindi 7 chiyambireni moto. Asanalole anthu ake kuponda pakhomo, ayenera kuzungulira nyumbayo, kuona ngati moto uli m'chipinda cha pansi pa nthaka, kuwerenga mtundu wa utsi ndi liwiro lake, ndi kuganiza kuti nyumbayi inamangidwa zaka ziti. Pa 1 July 1988, ku Hackensack ku New Jersey, denga la garaja yogulitsa galimoto linagwera ozimitsa moto, ndipo anafa 5. Linali denga la mitanda yopindika ngati uta, lodziwika kuti likayaka limagwa lonse nthawi imodzi. Awiri mwa iwo anapulumuka pa kugwako n'kutsekeredwa m'kachipinda ka zipangizo, akuitana pa wailesi mpaka mpweya unawathera. Nkhani imeneyi mudzaipeza m'kalasi, ndipo mphunzitsi wabwino sadzakufunsani kuti analimba mtima ndani. Adzakufunsani kuti woyang'anira akanaona chiyani, pa mphindi iti.

Mbali ya administration yeniyeni ndi masamu, malamulo ndi anthu. Ndikupatseni chitsanzo chimodzi chimene wophunzira aliyense amakumana nacho. Muyezo wa NFPA 1710 umati galimoto yopopa madzi ya nthambi ya olembedwa ntchito izikhala ndi anthu 4, ndipo yoyamba izifika pa ngozi itayenda mphindi zosapitirira 4, pa maulendo 90 mwa 100. Khansala amene sadziwa amamva kuti anthu 4, n'kuwerengera malipiro a anthu 4. Koma mpando uliwonse wa m'galimotomo uyenera kukhala ndi munthu usana ndi usiku, omwe ndi maola 8,760 pa chaka. Pa ndondomeko yofala ya kugwira maola 24 n'kupuma 48, munthu mmodzi amagwira maola 56 pa sabata, kutanthauza 2,912 pa chaka. Ndiye mpando umodzi ukufuna anthu 3, ndipo apo palibe amene wadwala. Tiyerekeze kuti tchuthi, matenda, kuvulala ndi maphunziro zimadya maola 500 a munthu aliyense. Mpando uja tsopano ukufuna anthu 3.6, ndipo galimoto imodzi ikufuna anthu pafupifupi 15. Onjezerani lamulo la ntchito la boma lalikulu, limene limati wozimitsa moto akapitirira maola 212 pa masiku 28, omwe ndi maola 53 pa sabata, ayambe kulandira ovataimu. Maola 56 aja apitirira kale malire. Mkulu wa nthambi ayenera kusankha: kulipira ovataimu sabata iliyonse, kapena kupatsa anthu tsiku lopuma lapadera lotchedwa Kelly day, limenenso likufuna wina wodzakhala pa mpandowo. N'chifukwa chake gawo lalikulu kwambiri la bajeti ya nthambi limapita ku malipiro, osati ku galimoto zofiira zimene anthu amaziona pamsewu.

Masamuwo akatha, pamabwera kukaima pamaso pa khonsolo. Kumeneko a polisi akufuna zawo, a misewu zawo, a sukulu zawo, ndipo inu mukupempha siteshoni yatsopano m'dera limene simunapse nyumba chaka chonse. Kungonena kuti anthu adzafa sikukwanira, chifukwa makhansala anamva zimenezo kwa aliyense. Muyenera kuonetsa mapu a madera amene galimoto sifika mu mphindi 4, ndi kufotokoza za giredi ya chitetezo ku moto imene kampani ya ISO imapatsa dera, imene imayambira 1 kufika 10. Giredi imeneyi imayang'ana nthambiyo, madzi a mumzinda, ndi malo olandirira mafoni a 911, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi amaigwiritsa ntchito poika mitengo. Mwini sitolo amene sasamala za makwerero anu amatchera khutu akamva kuti inshuwalansi yake ikhoza kukwera. Kulemba lipoti lomveka ndi kulankhula pagulu osazungulira ndi luso limene ozimitsa moto ambiri alibe, ndipo amene ali nalo amakwera msanga.

Mudzaphunziranso kayendetsedwe ka ngozi ikuchitika, kotchedwa ICS. Kanayambira ku California pambuyo pa moto wolusa wa m'tchire wa 1970, pamene nthambi zambiri zinathamangira malo amodzi koma osamvana, aliyense ndi wailesi yake ndi mawu ake. Mfundo zake n'zosavuta kuzinena: wolamula akhale mmodzi, munthu aliyense akhale ndi bwana mmodzi, ndipo bwana aliyense asayang'anire anthu opitirira 7, makamaka 5. Kuzitsata moto ukulilima ndiye nkhani ina. Pa 18 June 2007 ozimitsa moto 9 anafera m'sitolo ya masofa ku Charleston, ku South Carolina. Ofufuza anapeza kuti nyumbayo inalibe ma sprinkler, madzi ofika pa motowo anali ochepa, ndipo panalibe amene ankadziwa bwinobwino kuti m'kati muli ndani ndipo ali pati. Zonsezi ndi nkhani za kayendetsedwe, zimene zinayenera kukonzedwa mu ofesi zaka zambiri belu lisanalire.

Za malamulo ndi za thanzi ndingozikhudza. Mudzawerenga mlandu wa Ricci v. DeStefano wa 2009, wa mayeso okwezera anthu ku New Haven, umene unafika ku khothi lalikulu la dziko ndipo mpaka lero umatsogolera momwe mizinda imakonzera mayeso otere. Mudzaphunzira kukambirana ndi bungwe la ogwira ntchito la IAFF. Mudzamvanso kuti matenda a mtima ndi amene akhala akupha ozimitsa moto ambiri ali pa ntchito kuposa kupsa, ndi kuti mu 2022 bungwe la WHO lofufuza za khansa, lotchedwa IARC, linaika ntchito yozimitsa moto m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa. Kale chipewa chakuda ndi mwaye chinali chonyaditsa. Lero captain wanzeru amakakamiza anthu ake kuchapa zovala ndi kusamba akangobwera ku moto. Zimenezi muzidziwe musanasankhe ntchitoyi, ndipo a kunyumba kwanu azidziwenso.

Posankha pulogalamu, yang'anani zilembo za kumapeto kwa dzina la digiriyo. AAS inakonzedwera munthu wopita ku ntchito, ndipo ma credit ake ena mayunivesite sawalandira. AS kapena AA inakonzedwera wopitiriza ku digiri ya zaka 4. Izi n'zofunika chifukwa maudindo a pamwamba masiku ano amafuna bachelor's, ndipo pulogalamu ya Executive Fire Officer ya ku Emmitsburg salowa munthu wopanda digiri imeneyo. Mufunse mlangizi wa pa kolejipo kuti akuonetseni pangano lolembedwa la yunivesite imene imalandira ma credit awo, osati kungokuuzani pakamwa. Mufunsenso kuti amapereka ma credit angati kwa munthu wobwera ndi EMT ndi Firefighter I ndi II. Makoleji ambiri amapereka, ndipo apa ndi pamene kuyamba ndi kudzipereka kumakubwezerani: zimene munaphunzira ulele zimachotsera makosi amene mukanalipira.

Fizi ya community college kwa wokhala m'deralo imakhala pafupifupi $4,000 pa chaka mukatenga dziko lonse, ngakhale m'maboma ozungulira Washington imakwererapo. Wa green card ali ndi ufulu wolemba fomu ya FAFSA yopemphera thandizo la fizi ku boma, ndipo thandizo la Pell Grant, limene silibwezedwa, linafika $7,395 m'chaka cha 2024 mpaka 2025 kwa opeza zochepa. Mukadzalembedwa ntchito, nthambi zambiri zimabwezera antchito awo gawo la fizi. Nachonso ndi chifukwa chosathamangira kulipira zonse nokha lero. Samalani ndi masukulu a pa intaneti amene amakuimbirani foni kawirikawiri mukangolemba dzina pa tsamba lawo. Koleji ya boma ya m'dera lanu sithamangitsa munthu chotero.

MSCE yanu muitumize ku bungwe loyeza mapepala akunja lovomerezeka ndi kolejiyo, chifukwa nthambi zozimitsa moto nazo zidzafuna umboni woti munamaliza sekondale. Zikavuta, kulemba GED, mayeso olowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale ya ku America, n'kwachidule. Kolejiyo ikhoza kukuyesani Chingerezi ndi masamu kuti ione pokuyambitsani. Ngati mukufunitsitsa kuyamba sukulu chaka chino, tengani kosi imodzi pa semesita mwa zimene zimalandiridwa kulikonse: kulemba Chingerezi, masamu, chemistry, kulankhula pagulu. Zimenezi sizidzatayika ngakhale mutasintha maganizo n'kupita ku unamwino. Maganizo anga, amene akuluakulu ena a ntchitoyi angatsutse, ndi akuti associate ikhale ya zozimitsa moto koma bachelor's idzakhale ya public administration. Bondo kapena msana zikhoza kukutulutsani pa galimoto muli ndi zaka 40, ndipo digiri yotambasuka imatsegula maofesi ena a boma.

Ngati CPAT kapena dokotala atakukanizani, ntchito sizinathe. Pali oyendera nyumba kuona ngati zikutsata malamulo a moto, olandira mafoni a 911, oika ndi kuyesa ma alamu ndi ma sprinkler amene amatenga ma satifiketi a NICET, ndi oyeza ngozi m'makampani a inshuwalansi. Kumeneku digiri ya zaka ziwiri imathandiza kuyambira tsiku lopempha ntchito, kusiyana ndi pa galimoto.

Za kubwerera kumudzi, ndiyankha mosamala. Ku Malawi ozimitsa moto ali pansi pa makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, palinso ena a pa mabwalo a ndege, ndipo mipata yake ndi yochepa. Pepala lakunja muyenera kukaliyezetsa ku bungwe la boma loyeza mapepala a maphunziro. Zimene mudzaphunzire zambiri zimaganizira mzinda wokhala ndi mpope wa ozimitsa moto pa ngodya iliyonse, madzi osadukiza, misewu ya mayina ndi nyumba za manambala. Muyezo wa mphindi 4 sungautengere ku Ndirande kapena ku Mtandire momwe ulili. Zimene zingakatumikire kwathu ndi zina: kupewa moto, kuyendera misika, masukulu ogonera ndi mafakitale, kuwerenga mapulani a nyumba zosanja, ICS, ndi luso lija lotetezera bajeti pamaso pa khonsolo. Mukakhala wodzipereka, pemphani kukaphunzirako ku masiteshoni a kumidzi ya Maryland, kumene kulibe mipope ndipo amatunga madzi pa damu n'kumapokezana ndi matanki. Zimenezo zili pafupi ndi za kwathu kuposa za m'tauni. Ma satifiketi anu akhale ndi chidindo cha IFSAC, chifukwa ku South Africa chimadziwika, ndipo muonenso mayeso a Institution of Fire Engineers ya ku Britain, amene amalembedwa m'maiko ambiri a Commonwealth. Makampani a migodi, a shuga, a mafuta ndi mahotela amafuna oyang'anira chitetezo, ndipo kumeneko munthu wa zaka zingapo za ntchito yeniyeni ndi digiri pamwamba amamveka kuposa wa digiri yokha.

Sabata ino, pezani siteshoni ya odzipereka imene ili pafupi nanu, mufunse tsiku limene amakumana madzulo kuyeserera, ndipo mupite. Muwauze kuti mumasamalira okalamba ndipo mukufuna EMT. Mupemphe kukwera nawo ambulansi usiku umodzi ngati mlendo, masiteshoni ambiri amalola mukasaina fomu. Ku koleji mupiteko sabata yotsatirayo, mutanyamula MSCE yanu ndi mafunso aja a FESHE, a pangano la yunivesite ndi a ma credit.